Chitseko cha Mayi Wamanzere

Jussara atakwapula chitsekocho ndi tcheni, bambo ake anakuwa ngati wina wawaponda chala.

"Iwe, wapenga? Mlungu wathunthu ndakhala ndikupala chimenechi!"

A Valdemiro anali kalipentala wodziwika mumzinda wonse wa Olinda, ndipo chitseko chawo chinali chosalala ngati tsaya la khanda. Vuto linali lomwelo. Loweruka lotsatira anthu makumi asanu ndi atatu ankayembekezeka kudzasewera m'chinyumba chakale chosungiramo shuga. Aliyense amavala ngati mmalinyero kapena wamalonda wa nthawi ya zombo zamatanga, amapatsidwa dzina ndi mbiri, n'kukhala munthu ameneyo tsiku lonse, popanda oonerera. Ntchito ya Jussara inali kumanga doko lonselo: migolo, zingwe zonunkha phula, ndi nyumba yomweramo kachasu yooneka ngati yatha zaka zana.

Bambo akewo ankati amenewa ndi masanje a anthu andevu. Mawuwa ankamupweteka kwambiri Jussara, ngakhale ankangoseka. Chitsekocho, chomwe chinali cha nyumba ya kachasuyo, anachita kuwapempha dala, kuti mwina akalowa m'chinyumbamo aone kuti nayenso ali ndi ntchito m'manja.

"Bambo, anthuwa amagwira chilichonse. Akangoona thabwa lonyezimira, basi, masewera afa."

"Ndiye uwononge thukuta langa?"

Anatola chipewa chawo n'kulunjika pakhomo. Jussara anakwapulanso pakati penipeni pa chitsekocho. Madalawo anaima. Mmisiri akhoza kupirira chipongwe, koma kuona ntchito ikulakwika, ayi ndithu.

"Chitseko chiti chimakalambira pamimba? Unaonapo munthu akutsegula ndi mchombo?" Anabwerera akupukusa mutu. "Mwini malo ano ndani?"

"Ndi wongopeka, Bambo."

"Ndafunsa kuti ndani."

"Mayi wamasiye, Benedita. Wamfupi, wamanzere, waukali."

"Ali ndi galu?"

"Akhoza kukhala naye."

"Ali naye. Bweretsa sandipepala."

Munthu amene wakonza zitseko zakufa kwa zaka makumi anayi amadziwa mmene zimafera. Anakhula pomwe dzanja lamanzere la munthu wamfupi lingafike mpaka panalowa kadzenje, n'kupakapo mafuta ndi khofi wotsala m'kapu mwawo. M'munsi anakanda ndi misomali itatu, akuti ndi galu wofuna kulowa mvula ikamagwa. Pakona anapondapo ndi chidendene cha nsapato.

"Apa ndi pa zidakwa zothamangitsidwa," anatero, thukuta lili kamukamu.

Kenako anamasula pang'ono hinjesi yam'mwamba kuti chitseko chikapachikidwa chizilira. Jussara anangoti kukamwa yasa. Iye ankadziwa kudetsa thabwa, koma bambo ake ankaika anthu m'thabwamo. Pofika masana, Benedita amene Jussara anam'peka yekha pa pepala anali ngati wangotuluka kumene kukagula nsomba.

A Valdemiro atatopa anafuna kukhala pa mgolo umene unali pafupi. Mgolowo unatswanyika, iwo n'kugwa chagada.

"Ndi wa makatoni?" anafunsa ali pansi pomwepo, akusisita matabwa opentawo ndi misomali yadzimbiri yojambula. "Wandinamiza ine? Ine kalipentala?"

"Pepani, Bambo, mwavulala?"

"Choka apa, mfiti iwe," anatero akuseka mpaka kutsokomola. Atadzuka anazungulira doko lonselo pang'onopang'ono, akugogoda ichi, kununkhiza icho. Jussara ankawatsatira kumbuyo, akuopa kufunsa.

Loweruka m'mawa, asanapachike chitsekocho, a Valdemiro anachigoneka pa benchi n'kusolola pensulo kukhutu. M'mphepete mwa pamwamba, posaoneka ndi munthu, ndi pomwe ankalemba dzina lawo pa ntchito iliyonse imene sankachita nayo manyazi. Anapukutapo fumbi ndi chala. Kenako pensulo ija anaipereka kwa mwana wawo.

"Lemba lako."

"Koma mwapanga ndinu, Bambo."

"Amayamba kulemba ndi mwini ntchito. Ine waganyu ndilemba pansi pako."