Mboni Yachiwiri Padoko

Pakhoma la nyumba yomwera tiyi padoko pathu pali bolodi. Woyamba kuzindikira mbalame yachilendo amalembapo dzina lake ndi choko, ndipo mbalameyo imatchedwa yake mpaka kalekale. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuzizidwa padokopo pofunafuna mbalame, koma dzina langa silinakhalepo pambali pa mbalame yoti anthu n'kuikumbukira.

Lamulungu lina mu Januwale nditatuluka m'tchalitchi, nyimbo yotsekera ikadali pakamwa, ndinapeza Murdo, mnzanga wa paubwana, ataima pabolodipo, zala zili choko chokhachokha. Anali atalemba kuti waona mbalame yoyera ya kumadzi oundana a kumpoto, imene sinafikepo kwathu chibadwire changa.

"Euan, iwe uzingoimba," anatero. "Anzako tikuona zodabwitsa panja pano."

"Ili kuti?"

"Yauluka. Imadya matumbo a nsomba paja amatsukira mabokosi. Yoyera mbee, miyendo bii."

M'mawa womwewo, ndikuthamangira kwaya, ndinaiona pamalo omwewo. Lamulungu sinditenga magalasi oonera patali. Bambo anga ankati tsikulo maso athu ndi a Ambuye. Ndinangoti ndi nkhunda yothawa kwa mwini wake, ndinakumbukira ya Nowa, ndinathokoza Mulungu, n'kudutsa. Koma nkhunda miyendo yake ndi yofiira, ndipo sidya matumbo a nsomba.

Murdo sindinamuuze kanthu.

Analibe chithunzi; foni yake inazima ndi kuzizira. Ndipo osunga kaundula wa mbalame m'dera lathu savomereza mbalame yosowa chotero popanda chithunzi kapena mboni yachiwiri. Pofika Lachitatu wina anali atalemba chizindikiro cha funso pambali pa dzina lake. Anzathu a makamera aataliatali ankamufunsa ngati m'fulasiki mwake munali tiyi yekha.

Ndiulule: zinandikomera. Ndinkapemphera, koma mapemphero ankathera padenga. Nkhani ya Kaini ndinaiphunzira ndili mwana. Sindinkadziwa kuti nkhope yake ingandikhale bwino chonchi.

Loweruka ndinampeza kumapeto kwa khoma la doko, mphepo ikumuwaza madzi amchere. Abakha akumpoto anali yandayanda pansi pake, iye osawayang'ana n'komwe.

"Ndikafufuta dzina langa pabolodi paja," anati. "Mwina ndi ukalamba, aise. Mwina maso atha."

Ndinafuna kukhala chete. Ndinayesadi.

"Mbalame ija inkatsimphina mwendo wakumanzere," ndinatero.

Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Unaiona liti?"

"Popita kutchalitchi. Ndimayesa nkhunda."

"Nkhunda." Anaseka mpaka kutsokomola. "Mkulu wa mpingo, zaka makumi atatu padoko, nkhunda. Ndiye sabata yonseyi umangondionerera ndikusekedwa?"

"Eya."

"Chifukwa?"

"Nsanje, Murdo. Palibenso china."

Anapukuta magalasi ake ndi mpango. "Ndiye woyamba kuiona ndiwe."

"Woyamba ndi amene waizindikira. Lamulolo ukulidziwa."

"Ndikulidziwa. Ndimangofuna ulinene ndi pakamwa pako."

Umboniwo tinaulembera m'nyumba ya tiyi, mawu oti nkhunda ndinawalemba ndi dzanja langa lomwe. Osunga kaundula aja anauvomereza. Lero amaitcha mbalame ya Murdo, ndipo ine padoko ponse amanditcha a Nkhunda.

Ndikamadutsa pabolodipo mtima umandilasabe. Ndimayamba nyimbo chamumtima. Masiku ena imathandiza ndisanafike ndime yachiwiri. Masiku ena ndimaimba zonse zisanu.