Musamuyang'ane Mwanayo

Kwa mayi Cesaria tchimo lililonse limakhululukidwa ukangopempha mbale yachiwiri. Oronzo anazizindikira zimenezi akadali pa chibwenzi, ndipo mwana wawo Palma anamupata ndi supuni basi, poti nzeru ndi chuma zinamulambalala ali m'tulo. Ndiye onani nthabwala za Mulungu: m'banja lomwelo n'kuponyamo mwana wosadya.

Vito anali ndi zaka ziwiri ndi theka, ndipo pa zakudya zonse za pansi pano iye ankadziwapo ziwiri: mkaka wa m'kapu yake ya buluu, ndi girisini, timitengo ta buledi touma gwa tija, ta mtundu umodzi wokha, tosathyoka. Kothyoka ankakayang'ana ngati kamutukwanira mayi ake. Chonyowa, choterera, chofunda kapena chofiira chikangomukhudza chala, nseru inkamugwira mpaka misozi. Mchenga wa kunyanja ayi, udzu ayi, malaya a kolala ayi, makina ometera ndevu a bambo ake ndiye osayerekeza. Adokotala a ana ku Lecce anali atanena mosapsatira kuti sikelo ikapanda kukwera pofika Okutobala, amuika kapaipi m'mphuno kokafika m'mimba. Oronzo anaseketsa anamwino awiri, kenako anakalirira m'chimbudzi cha pomwetsera mafuta.

Kuchipatala komweko kunali mayi wina wophunzitsa ana otere kudya, ndipo anawapatsa lamulo. Mwanayo azisewera ndi chakudya mmene akufunira. Osamukakamiza, osamunyengerera, osanena kuti "idya". Akalawa chatsopano, osamuyang'ana, osaomba m'manja, osapuma n'komwe ngati n'kotheka.

Lamuloli silinagwe kumwamba. Pa Pasaka Vito anatola kachidutswa ka tchizi n'kukaika pa lilime, ndipo tebulo lonse linadzambatuka ngati chalowa chigoli. Malume ake a mwanayo, a Pantaleo, amene amagulitsa mavwende pa galimoto ya chimkuzamawu ngakhale kuti chimkuzamawucho ndi chokongoletsera chabe, anakuwa mpaka galu wa aneba anathawa. Mwana anasanza pomwepo. Kuyambira tsikulo anakana tchizi, n'kukananso mabisiketi amene anali chakudya chake chachitatu.

Tsopano inafika Ogasiti, tsiku la matimati, limene banja lonse limasonkhana kwa mayi Cesaria kuphika msuzi wa chaka chonse.

"Tisapite naye," anatero Palma m'mamawa, akumuveka mwanayo masokosi chotembenuza kuti msoko usamukhudze. "Phokoso, utsi, paliponse pofiira. Akakomoka kumeneko."

"Tikapanda kupita, amayi ako abwera ndi mgolo wawo n'kusonkha moto pa khonde la fulati ino. Umawadziwa."

"Ndiye ukawauze ndiwe. Ine andimva kale."

Anakapeza ntchito itayamba. Pabwalo la nyumba ya kumunda makireti a matimati anali mbwee, chimphika chikuwira, azakhali awiri a Palma atakhala pa timipando akudula ndi kudya anthu miseche. Oronzo anakwera pa kireti yopanda kanthu n'kukweza manja ngati wansembe.

"Anthu a Mulungu, malamulo ndi omwe aja. Mwana uyu lero kulibe. Mukamuona, mwaona mphaka. Mawu oti 'idya' ndawatsekera m'galimoto."

"Ana anayi ndalera ine, mkamwini," anatero mayi Cesaria, chipande chili m'manja. "Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafuna dokotala womuphunzitsa kutafuna."

"Zikuoneka, amayi. Alamu angawa akakwera sikelo, sikeloyo imapempha tchuthi."

"Iwe, tsika pa kireti yangayo," anabangula Pantaleo. "Mwanayu watengera kwanu. Kwathu kuno timabadwa foloko ili kale m'manja."

"Chepetsani mawu, alamu. Ndipo chigayo cha magetsicho lero chipume. Tulutsani chopukusa ndi manja chija."

"Chopukusa? Matimati onsewa? Apukuse ndani?"

"Amene ali ndi mphamvu zokuwa."

Mayi Cesaria anang'ung'udza kuti masiku ano akamwini akulamula pa bwalo la eni, komabe anakazula okha waya wa chigayo cha magetsi. Mdzukulu wawoyo ankamulota usiku ali ndi masaya. Kungoti chikondi chawo chinkadziwa njira imodzi yokha, yodzera pakamwa, ndipo njirayo inali itatsekedwa.

Vito anamukhazika m'kireti youma pansi pa mkuyu, paketi ya girisini ili pamiyendo, nsana atalozetsa kwa anthu. Ntchito inayenda. Matimati owira ankalowa m'chigayo, Pantaleo akupukusa thukuta lili kamukamu, msuzi ukutsikira m'beseni uli psuu, Palma n'kumauthira m'mabotolo a mowa amene banja lonse linakhala likusunga chaka chathunthu. Oronzo, amene sanapatsidwepo ntchito yofuna luso pabwalo limeneli, ankangondandalika mabotolo odzaza m'mizere pa simenti.

Mizereyo ndi imene inamudzutsa mwana. Kunyumba Vito ankandandalika chilichonse: nsapato, mabatire, mankhwala a mano. Anatuluka m'kireti, n'kuyenda chonyang'ama, akulambalala dontho lililonse lofiira, mpaka anaima pamaso pa mabotolo. Limodzi linali litatuluka pang'ono mu mzere. Analikankha ndi nsonga ya nsapato, n'kuwayang'ana bambo ake mowadzudzula.

"Ntchito yoika tsamba m'botolo ndi ya wamng'ono pa onse," anatero mayi Cesaria, akuyang'ana kumwamba ngati akuuza mitambo. "Palma anaigwira. Chimphona ichi, Pantaleo, chinaigwira. Sindinanene kuti adye. Ndati ntchito."

Oronzo anafufuza lamulo lija m'mutu mwake ndipo sanapezemo poletsa ntchito. Palma anapukuta masamba onunkhira a bazili limodzilimodzi pa epuloni mpaka anauma, n'kuwaika m'mbale pansi, n'kuchokapo. Vito anatola tsamba ndi zala ziwiri, n'kulisanjika pakamwa pa botolo. Tsamba linakhala pomwepo, losalowa. Kuti alikankhe ndi chala, pakamwa pa botolopo panali ponyowa. Anaganiza, nkhope itakwinyika ngati ya munthu wa ku banki. Kenako anatenga girisini amene anali m'dzanja linalo n'kukankhira tsambalo m'kati.

Kamtengoko kanatuluka nsonga ili yofiira.

Oronzo ankadziwa chotsatira: kukuwa, kutaya, kusanza, mwinanso kutsanzikana ndi girisini mpaka kalekale, n'kutsala ndi mkaka wokha. Anaponya diso ku paketi ija pansi pa mkuyu kuti amusinthire msanga kena koyera. Paketi inali pululu. Pa ndevu za Pantaleo panali nyenyeswa.

Vito nayenso anayang'ana paketiyo. Anayang'ana kamtengo kake komaliza. Sanakuwe. Anakabweretsa pafupi ndi mphuno.

"Palma," ananong'ona Oronzo, milomo osaigwedeza. "Usatembenuke."

Palma anatembenuka, n'kubwezanso khosi msangamsanga mpaka linalira. Msuzi unasefukira m'botolo n'kumayenderera pa dzanja lake, iye osaumva.

"Alamu," anatero Oronzo ndi mawu a tsiku ndi tsiku, "matayala a galimoto yanu aja, mumawapopa kangati?"

"Matayala? Dzuwa lakulowa m'mutu? Ine ndikufa ndi chigayo pano iwe ukundifunsa za…"

Pantaleo anaona. Maso anatuzuka, chifuwa chinayamba kufufuma ngati chimatenga mpweya wa chigawo chonse. Oronzo sanaganize kawiri. Anatola tomato wathunthu m'kireti n'kumutseka naye pakamwa mlamu wakeyo, mpaka madzi anatsikira m'malaya.

"Pukusani, alamu. Mukasiya, aona kuti kwasintha."

Pantaleo anapukusa, tomato ali kukamwa, misozi ikutsika. Azakhali awiri aja anazindikira okha. Wina anayamba kudula tomato mmodzi yemweyo mpaka anasanduka phala. Winayo anagwira kolona m'thumba la epuloni n'kumayang'anitsitsa khoma ngati pakhomapo palembedwa uthenga.

Otsala anali mayi Cesaria.

Anaima pafupi ndi beseni, chipande chodzaza chili m'mwamba, maso ali pa mdzukulu. Vito anatulutsa kansonga ka lilime. Milomo ya agogo ake inayamba kuumba mawu amene anawanena kwa munthu aliyense wolowa pakhomo pawo chiyambire utsikana wawo, kwa ansembe, kwa wowerenga mita ya madzi, ngakhale kwa wapolisi amene anabwera kudzawafunsa za mpanda.

"I… i…"

"Amayi," anachonderera Palma chapansipansi. "Amayi, chonde."

Mawuwo anali atafika kale pakhosi, obwerera analibe. Mayi Cesaria anazungulira pa chidendene, n'kumugwira Oronzo pa kolala.

"Idya, mkamwini," ananong'ona mwaukali. "Idya. Waonda ngati msomali."

Chipande chonse cha msuzi wotentha, wopanda mchere, chinalowa m'kamwa mwa Oronzo. Anameza. Pa zaka zonse za ukwati wake apongozi ake anali asanamugwirepo, ndipo lero anali akumudyetsa ngati khanda, maso awo ali pa mphuno yake, ake ali pa chipumi chawo, onse awiri akuonera mwanayo ndi ngodya ya diso.

Lilime linakhudza pofiira. Vito ananjenjemera thupi lonse, mapewa anakwera kufika m'makutu. Pakhosi pake panagwedezeka kamodzi, moopsa, monga pamachitira nseru ikamabwera. Chigayo chinkangolira kwiii, kwiii. Mayi Cesaria anatunganso chipande china.

"Meza," anatero kwa Oronzo. "Meza, mwana wanga, usandichititse manyazi."

Kenako pabwalo ponse panamveka kaphokoso kakang'ono, kouma: khutu.

Waluma. Anatafuna pang'onopang'ono, nkhope ili ngati ya munthu amene wapatsidwa vuto la masamu, n'kumeza. Anaima kaye kudikira kuti aone ngati afa. Ataona kuti ali moyo, anatola tsamba lina, n'kupita pa botolo lotsatira, poti mzere ndi mzere, suthera panjira. Anakankha, anatulutsa, anayang'ana, analuma. Pa botolo lililonse Oronzo ankalandira chipande chake. Mimba yake inayamba kulira ngati mgolo, koma akanamwa beseni lonse.

Kamtengo kanafupika mpaka chala chinakhudza msuzi. Aliyense anaumitsa khosi. Vito anayang'ana chalacho nthawi yaitali, kenako anachitambasulira kwa mayi ake.

"Puta."

Palma anachipukuta ndi epuloni ngati akupukuta supuni wamba, nkhope ili kumbali.

"Ina," anatero Vito, akuonetsa dzanja lopanda kanthu.

Maso onse anapita kwa Pantaleo. Iye anameza tomato uja ndi khungu lomwe.

"Ndimayesa ndi za aliyense," ananong'ona, ndipo aka kanali koyamba m'mbiri ya banjali kumumva akunong'ona.

Koma bambo wa mwana wotere sayenda ndi paketi imodzi. Oronzo anapukuta pakamwa, n'kunyamuka mwaulesi, manja m'thumba, akuimba kaluzu ngati akupita kukaona nyengo. Atangokhota pa ngodya ya nyumba anathamanga liwiro la mtondo wadooka, msuzi ukugwedezeka m'mimba. Analowa m'galimoto, anatseka chitseko ndi mawindo onse, n'kukuwa. Anakuwa mpaka kukhosi kunawawa, akumenya chiwongolero, akupsompsona paketi imene ankaibisa pansi pa mpando. Chitseko china chinatseguka, Palma n'kugwera m'kati.

"Sendera," anatero. "Amayi akumuyang'anira. Ndikutanthauza kuti sakumuyang'ana."

Anakuwa limodzi, kenako anaseka mpaka mpweya unawathera. Palma anapukuta m'maso ndi dzanja lofiira, nkhope yonse n'kukhala ngati wachita ngozi.

"Sikelo siwerenga msuzi wa pa nsonga ya kamtengo, ukudziwa," anatero. "Kapaipi kaja mwina kabwerabe."

"Ndikudziwa."

"Mawa akhoza kukana."

"Akhoza."

"Koma n'chonyowa, Oronzo. Chonyowa, chofiira, ndipo wameza."

Pawindo panagogoda munthu. Anali Pantaleo, nkhope itatupa ndi chisangalalo chosatuluka, azakhali awiri ali pambuyo pake pa mzere.

"Tulukani, mwakwana. Enafe tiphulika."

Atabwerera pabwalo anapeza mayi Cesaria akupukusa okha chigayo, nsana atalozetsa kwa mdzukulu wawo, akuuza khoma nkhani ya mtengo wa anyezi. Vito anali chiimire pa botolo lake, tsamba lili m'manja, akudikira chida. Oronzo anaika paketi pansi pafupi ndi mbale ya masamba, n'kupitirira ngati wagwetsa mwangozi.

Dzuwa litapendeka, mabotolo atatsekedwa, atakulungidwa m'nsanza n'kuikidwa mu mgolo kuti awire, inafika nthawi yogawana. Pantaleo anabweretsa makireti ake, azakhali nawo awo. Mayi Cesaria anaima kutsogolo kwa mgolo, manja m'chiuno.

"Chaka chino palibe botolo lituluke pano, kupatula opita kwa Palma. Mwanayu walawa msuzi uwu, wa matimati awa, wa dzanja ili. Ndikamupatsa wina adziwa. Onsewa ndi ake."

"Onse, amayi?" anadandaula Pantaleo. "Dzanja langa lafa ndi kupukusa! Nanga ife tidya chiyani mpaka chaka chamawa?"

Mayi Cesaria anamuyang'ana mwana wawo woyamba kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kagule wa m'sitolo."

Azakhali onse awiri anachita chizindikiro cha mtanda.