Buleki ya Mpando wa Pambali

Wogulitsa galimoto uja anapereka makiyi kwa amuna anga. Pafoni ndinali nditamuuza kuti wogula ndine, woyendetsanso ndine, koma ataona bambo wa imvi atavala jekete, dzanja lake linangopita lokha.

Amuna anga anawalandira. Ayendetsa mabasi ndi malole moyo wawo wonse, mpaka anzawo anawapatsa dzina loti a Giya. Chaka chatha dokotala wa maso anawaletsa kugwira chiwongolero: amaona chapakati pokha, m'mbali monse mwada. Kunyumba nkhaniyi sitiikamba. Ine ndinapita kukaphunzira kuyendetsa n'kutenga laisensi, iwo n'kumauza alendo kuti akupumula kaye. Ndinkadziwa kuti akasankha galimoto ya kumtima kwawo, tsiku lina ndidzadzuka makiyi palibe pa msomali, iwo ali pamsewu.

Galimoto zinali ziwiri, zazifupi koma zokwera m'mwamba, zija zosaopa maenje. Yofiira inali ndi injini yamphamvu, yokoka ndi matayala onse anayi, koma yakumwa mafuta ngati ili ndi ludzu. Yoyera inali yofatsa, yosadya mafuta, buti yake yotakasuka, ndi kamera yoonera kumbuyo.

A Giya anazungulira yofiira akuisisita. Anatseka chitseko n'kutchera khutu, anatsegulanso, anatsekanso. Kenako anakhala pa mpando wa dalaivala n'kuliza injini.

"Mwaimva, mayi? Iyi ndiye galimoto. Inayo ndi makina osokera."

"Bwana akudziwa zinthu," anatero wogulitsa. "Tiizungulitse pang'ono, bwana?"

Ndinakaima pachitseko, dzanja nditatambasula. Amuna anga anayang'ana kutsogolo nthawi yaitali, kenako anatsika, n'kuzungulira kupita ku mpando wa pambali. Pozungulirapo anagunda kalilole ndi phewa.

"Amayi ayambe ndiwo?" anafunsa wogulitsa akukwera kumbuyo.

"Ayambe ndiwo, amalizenso ndiwo," ndinayankha.

Ndine wamfupi. Mu yofiira ndinakokera mpando kutsogolo mpaka kumapeto, komabe boneti inali ngati tebulo lalitali lomwe sindikuona pothera pake. Nditangokhudza mafuta, inalumpha. Pageti ndinaima mochedwa, pamphambano ndinakhota motambalala, wanjinga wina n'kundikalipira. Nthawi yonseyi ndinkamva phokoso kumbali kwanga: phazi la amuna anga likuponda kapeti, kufuna buleki yomwe kulibe. Du. Du. Pakamwa sanatsegule, koma nsapato inkalankhula.

"Imafuna kuizolowera basi," anatero wogulitsa titabwerera. "Komanso masiku ena bwana azithandiza."

"Masiku ena," anavomera amuna anga, akupukuta manja m'mawondo.

Mu yoyera munali kachogwirira m'mbali mwa mpando. Ndinakapopa, mpando n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka ndinaona mphuno yonse ya galimoto ndi msewu patsogolo pake. Pachitunda inkalira ngati ikudandaula, ndipo lole yodzaza mchenga inatipitirira.

"Taonani, mpaka ya mchenga," anatero a Giya. "Ndikanakhala ine ndikanatsika n'kumakankha."

"Tsikani, abambo. Mutipeza pamwamba."

Wogulitsa anaseka kumbuyoko, kenako anasiya msanga, posadziwa kuti aseke mbali ya ndani.

Tinadutsa mphambano yomwe ija. Pobwerera ndinailowetsa chambuyo pakati pa galimoto zina ziwiri, maso ali pa kamera, ndipo inalowa kamodzi. Ndinazimitsa injini.

Mpando wa pambali wa yoyera unali wothina. Mawondo a amuna anga anali atatsamira kabokosi ka kutsogolo, mutu utatsala pang'ono kukhudza denga. Mu yofiira anakhala motambasuka ngati pa sofa. Zonsezo ndinaziona, ndipo ndinkadikira kuti azigwiritse ntchito pokana yoyerayi.

Wogulitsa anasuzumira pakati pa mipando. "Ndiye bwanji, bwana? Mtima uli ku yofiira, ndaona kale."

Amuna anga anawerama n'kuyang'ana mapazi awo, kupendeketsa mutu monga amachitira masiku ano kuti chinthu chilowe pakati pa diso. Nsapato zonse ziwiri zinali phee pa kapeti, zitagundana.

"Mu ija phazi ili linagwira ntchito ulendo wonse," anatero. "Muno lagona. Sindinalimve n'komwe."

"Kutanthauza chiyani, bwana?"

"Kutanthauza kuti funsani dalaivala."

Wogulitsa anatembenukira kwa ine koyamba chifikireni. Ndinamuuza kuti titenga yoyera, ndipo achotse mapepala apulasitiki pamipando chifukwa amandiotcha. Anatsika kukakonza zolembalemba.

Tinatsala awiri. Amuna anga anapapasa pansi pa mpando wawo mpaka anapeza chitsulo chokokera, n'kuubweza kumbuyo. Unangosuntha pang'ono, mawondo anali akukhudzabe kabokosi.

"Injini yake ndi yaulesi," anatero.

"Ndamva."

"Pachitunda muziipatsa mafuta musanafike, osati mutayamba kale kukwera."

"Muzindikumbutsa."

Anakoka lamba n'kumanga, ngakhale galimoto inali itaima. Ine ndinazula makiyi n'kuwaponya m'chikwama changa, ndipo iwo sanayang'ane komwe agwera.