Chingwe cha a Clifford

Chingwe cha belu lalikulu chinawanyamula a Clifford ngati thumba la mankhusu, kenako chinawabweza pansi, phi! Mabelu ena asanu mu nsanja ya tchalitchi cha Aldercote anasokonezeka n'kukhala chete.

"Ndaterereka chabe," anatero mkuluyo akudzuka, dzanja atalibisa m'thumba.

Beverley, yemwe ankatsogolera oliza mabelu, anali ataona kale magazi. Sikanali koyamba. Belulo limalemera kuposa ng'ombe, ndipo ukachedwa kusiya chingwe limakutenga. Loweruka likubweralo kunali ukwati wa Imogen, mdzukulu wa a Clifford, ndipo madzulowo ankayeserera.

"Madala, tsabola wakale sawawa," anaseka Gordon, mlimi wa nkhosa. "Mukufuna kukafika kumwamba wansembe asanakulembereni ulendo?"

"Iwe usamale pakamwa. Ndinayamba kukoka chingwechi amayi ako asanadziwe dzina la bambo ako."

Anthu anaseka, koma Beverley sanaseke. Anawauza ena onse kuti atsike, natsala awiri.

"Onetsani dzanjalo."

Khungu la pachikhatho linali litasendeka. Zala zinkanjenjemera zokha.

"Loweruka simuliza, a Clifford."

"Wati chiyani?"

"Mwamva. Makutu anu ndi abwino, manja ndi amene atha."

Mkuluyo anakhala pa benchi. Pakhoma pamwamba pake panali matabwa akale olembedwa maina a oliza mabelu, ndipo dzina la banja lawo, Bagshaw, linalipo pafupifupi pa thabwa lililonse.

"Bambo anga analiza belu ili pa ukwati wanga. Agogo analiza pa wa bambo. Ndiye ine ndikhale pansi ngati mlendo pa ukwati wa Imogen? Ndipo alize ndani? M'mudzi muno oliza tatsala asanu ndi mmodzi. Achinyamata ali m'tauni, nyumba zagulidwa ndi obwera pa tchuthi basi."

"Saliza aliyense. Tiliza asanu."

"Mabelu opanda lalikulu ndi ndiwo zopanda mchere! Ndinakuphunzitsa ndine, Beverley, uli kamwana kosafikira chingwe, utaima pa bokosi. Lero wakula eti?"

Mawuwo anamulasa Beverley. Anakumbukira manja omwewa atagwira ake, akumuuza kuti belu silimva chisoni. Akanatha kungonena kuti chabwino, kamodzi komaliza. Mudzi wonse ukanamuyamikira. Koma anaganiza za Imogen ali m'diresi loyera, anthu akutsitsa agogo ake pa masitepe opapatiza aja.

Anatenga chingwecho, nachikulunga, nachikoloweka pa mbedza yam'mwamba.

"Ndibwezereni kiyi wa nsanja."

A Clifford anatulutsa kiyiyo, namuika pa benchi, osati m'dzanja la Beverley. Anatsika pang'onopang'ono, akugwira khoma.

Loweruka kunacha bwino. Akwati atatuluka, mabelu asanu analira, ndipo nthawi iliyonse asanuwo akalira motsatizana pankatsala mpata pamene lalikulu linkayenera kugunda. Alendo sanazindikire kanthu. Eni mudzi ankayang'ana m'mwamba, kenako n'kuyang'anana.

Beverley anatsika thukuta lili kamukamu, napeza a Clifford pa chipata, atavala suti, duwa pachifuwa, Imogen atawakolowekera mkono.

"Zikomo, a Beverley, munaliza bwino!" anatero mkwatiyo.

"Mwaswera bwanji, a Clifford?" anafunsa Beverley.

Mkuluyo anakonza duwa lake, natembenukira kwa wojambula zithunzi.