Tilipo Awiri M'pikapu

Bambo anga anamwalira m'nyengo yozizira, ndipo chinthu chooneka chomwe anatisiyira chinali pikapu yawo yobiriwira. Nyumba yomwe tinkakhala inali ya mwini munda wa tirigu kumene iwo ankagwira ntchito. Kunja kutayamba kufunda, mwini mundayo anatiuza mwaulemu kuti kukubwera banja lina. Amayi anapeza ntchito yoyang'anira malo ogona alendo m'nkhalango, kumapiri a kumadzulo kwa Montana. Kumeneko kulibe nyumba. Aliyense amapita ndi yake, kanyumba kokweza pamsana pa pikapu, bedi lake lili pamwamba pa mutu wa dalaivala.

Ine sindilankhulalankhula. Kusukulu, komwe ndinamaliza chaka chomwecho, aphunzitsi ena anamva mawu anga koyamba tsiku lotsanzikana. Mawu amafika pakhosi bwinobwino, koma akafika pamenepo amakhala pansi.

Pikapuyo ili ndi mpando umodzi wautali. Kale Bambo ankakhala pachiwongolero, Amayi kuwindo, ine pakati. Amayi atayamba kuyendetsa, ine sindinasunthe. Ndinkakhalabe pakati, mawondo akugunda giya, kuwindo kuli mbee. M'katimo munkamvekabe fungo la khofi ndi mafuta a thirakitala. Nthawi zina ndinkaona ngati awiriwo angosinthana malo, ndipo ndinkaopa kucheukira kuwindoko.

Tsiku lopita kukasankha kanyumba kunali mitambo kuyambira m'mawa. Tinatsuka pikapu yonse, ndi kunsi komwe, ngati tikupita nayo kutchalitchi.

Wogulitsa anali Mayi Lundgren, mayi wamfupi wa mawu osasa ndi fodya. Tinyumba tawo tinali ndandanda pabwalo, titaima pa miyendo yachitsulo.

"Kuyang'ana n'kwaulere, Ronda," anauza Amayi. "Kukhudza n'kwaulerenso. Koma mwana wakoyu akagonamo, wagula."

Ndinayang'ana nsapato zanga.

Amayi analoza kanyumba kakakulu kokhala ndi bafa. Mayi Lundgren sanakayang'ane n'komwe. Anatsegula chitseko cha pikapu yathu n'kugogoda ndi chala pa kapepala kachikasu komatidwa pachitsulo.

"Yamba ndi apa. Nambala iyi ndiyo katundu yense amene galimotoyi ingasenze. Kanyumba, madzi, gasi, mapoto, anthu, ngakhale masokosi. Ukapyola, kumbuyo kumakhala pansi, kutsogolo kumayang'ana kumwamba ngati kukupemphera. Ndiye pamtsetse wa phiri mabuleki amakukana ngati sakukudziwa."

Amayi anatulutsa foni n'kuyamba kuwonkhetsa chapansipansi. Ndinali pambali pawo, ndinkamva zonse.

"Kanyumba, madzi odzaza thanki, gasi, zakudya ndi zovala, anthu atatu."

Ndinaganiza kuti lilime laterereka chabe.

Kakakuluko kanakanika kutali. Kapakati kanakanikanso. Kanatsala kamodzi kumapeto kwa bwalo, kakale, kopepuka, kokhala ndi denga lochita kukankhira m'mwamba pofuna kugona. M'kati mwake munali makatani a maluwa ofwifwa ndi kachitofu kophikira mapoto awiri. Ndinakakonda, ngakhale sindinanene.

Amayi anawonkhetsanso. "Madzi, gasi, zakudya, anthu atatu." Anapukusa mutu. "Tapyolabe. Pafupifupi ndi mapaundi mazana awiri."

Mayi Lundgren anandiponyera diso, kenako anayang'ana kumbali n'kuyatsa fodya. Sindikudziwa ngati anamva. Ndikuganiza kuti anamva, koma anaona kuti si pakamwa pawo poyenera kutuluka mawuwo.

"Ndiye njira ndi imodzi," anatero. "Ndisiyire yobiriwirayi, utenge yoyera ili apoyo. Ndi yonyansa ngati mlamu wanga, koma imasenza."

"Ndi ya Garrett iyi," Amayi anatero, kutchula Bambo dzina lawo.

"Ndikudziwa, mwanawe. Garrett ndinkamudziwa asanamere ndevu. Koma masipuling'i sadziwa maliro."

Amayi anaima kanthawi, dzanja lili pa boneti. Ntchito inkayamba sabata yotsatira, ndipo popanda kanyumba panalibe ntchito. Anazungulira n'kutsegula chitseko cha kuwindo kuja, chomwe sitinatsegule chimwalirire Bambo. Anayamba kutulutsa zinthu n'kumaika pansi: magolovesi achikopa opindika mmene manja a Bambo ankapindikira, tochi, kapu yakhofi yopanda chivindikiro.

Ndikakhala chete, pikapu ipita kwa munthu wina amene adzapopera mankhwala onunkhira mandimu m'katimo. Ndikalankhula, ndiye kuti ndine amene ndawatsitsa Bambo m'galimoto yawo yomwe. Kunyumba Amayi ankatulutsabe mbale zitatu, n'kubweza imodzi mwakachetechete, ine n'kumanamizira kuti sindinaone. Timakhala choncho.

"Amayi."

"Tadikira, Kenna."

Anali atayamba kuvula kiyi pa mphete yake, chikhadabo chikuterereka.

"Amayi, tilipo awiri."

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Amayi anandiyang'ana ngati ndawamenya mbama. Kenako anayang'ana mpando wopanda munthu uja, nthawi yaitali ndithu. Mphepo inakunkhuniza kapu ija mpaka pa tayala, ndipo palibe anaitola.

Anatulutsanso foni. Ulendo uno sanawerenge mokweza. Bambo anali munthu wamkulu thupi, wodzaza chitseko. Atawachotsa, kanyumba kaja kanakwana, n'kutsalako pang'ono.

"Eya," anatero Mayi Lundgren, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Basi musanenepe nonse awiri. Ndipo musandikhulupirire ine kapena foniyo. Mukapite pa sikelo."

Anyamata awo anakweza kanyumbako, anakamanga ndi maunyolo kumakona onse, anadzaza madzi ndi gasi. Katundu wathu anali kale m'mabokosi, tinakamutenga kunyumba. Masana tinalowera kunkhokwe ya tirigu, kumene kuli sikelo yoyezera malole. Woyeza anali a Verl, mnzawo wa Bambo wopita nawo kosaka agwape. Anasuzumira pawindo la kaofesi kawo.

"Taonani, kamba wafika ndi chigoba chake! Imani pomwepo, musapume!"

Anawerenga nambala, n'kubwera nayo pawindo la Amayi. Sinapyole malire. Koma inaposa zomwe tinawonkhetsa, pang'ono pokha, kulemera kwa jekete yochindikala ndi nsapato zazikulu za kumunda.

"Ndi matope amenewo," a Verl anatero. "Amakanirira kunsi. Galimoto iliyonse imabwera ndi ake."

"Inde, ndi matope," Amayi anavomera.

Sindinawakumbutse kuti tinatsuka. Tsiku limenelo ndinali nditalankhula kale zokwanira.

Titatuluka pachipata, pikapu inkayenda mwaulemu, ikupendekera pang'ono pokhota monga imachitira ng'ombe yapakati. Amayi anafuna kusintha giya, dzanja lawo linagunda bondo langa.

"Sunthira kuwindo, Kenna. Ukundipanikiza."

Ndinamasula lamba. Ndinachotsa magolovesi aja, omwe Amayi anali atawabwezera pampando, n'kuwafungatira pamiyendo, kenako ndinasuntha pang'onopang'ono mpaka phewa litakhudza chitseko.

Dzuwa silinatuluke tsiku lonse, koma mpandowo unali wofunda. Sindinawauze Amayi.