Woweruza Pampando wa Nkhoswe

Mainess anamuzindikira woweruzayo ali ndi poto wa nkhuku pamutu. Linali Loweruka ku Matero, pa chilanga mulilo, mwambo umene akuchikazi amanyamula zakudya kukaonetsa mkwati. Akuchikaziwo ndiwo anamuitana kudzaphika, ndipo za mkwati sanafunse. Atalowa chogwada ndi azimayi anzake, anaona kuti mkwatiyo ndi mwana wa Clive Nkole, mlamu wake amene anali atasiya kulankhulana naye chimwalirireni mwamuna wake. Pampando wa nkhoswe panakhala ba Lombe, atavala malaya a chitenge ofanana ndi a Clive.

Masiku anayi okha m'mbuyomo, ba Lombe omwewo anali atagamula kukhoti laling'ono kuti nyumba ya ku Chawama, imene Mainess anaumbira yekha njerwa zake, ikhale m'manja mwa Clive.

Poto sanagwe. Anamutula bwinobwino n'kuomba m'manja monga mwambo ufunira. Ba Lombe anayang'ana kudenga.

Lolemba anapita kupolisi ndi vidiyo imene mnzake Thandi anajambula pafoni pamwambo uja.

"Timange ba jaji?" anaseka wapolisi. "Amayi, mwadya chiyani m'mawa uno?"

Anamutumiza kwa kalaliki wa khoti. Kalaliki anamutumiza kutauni. Kutauni anati bwana ali kumsonkhano, abwere Lachitatu, ndipo Lachitatu anati abwere Lachisanu. Mainess anakwera maminibasi mpaka makondakitala a mu Kafue Road anayamba kumutcha "ba loya". Anthu onse ankaonera vidiyoyo mpaka kumapeto, ena n'kuyamikira nkhuku, kenako n'kumubwezera foni.

Pomaliza anafika kwa Deborah Musonda, loya wothandiza anthu mwaulere, mtsikana wa maso otopa amene ankadya chimanga chowotcha ali pa desiki.

"Ba Mainess, woweruza simungamusumire chifukwa cha chigamulo chake, ngakhale chikhote bwanji. Lamulo limamuteteza."

"Kansi ni Mulungu?"

"Iyayi. Kuweruza mlandu wa mnzake wapamtima osaulula, imeneyo ni nkhani ina. Pali bungwe loona khalidwe la oweruza. Mukadandaula, angamuchotse ntchito."

"Nanga nyumba?"

Deborah anasiya kutafuna. "Apilo munachita?"

"Apilo ya chiyani? Ine nifuna munthu uja."

"Chigamulo chinatuluka liti?"

Mainess anatchula tsiku. Deborah anayendetsa chala pa kalendala ya pakhoma, ndipo chalacho chinaima.

"Munali ndi masiku makumi atatu okatsutsa chigamulo kukhoti lapamwamba. Anatha Lachinayi lapitali."

Lachinayi limenelo Mainess anali atakhala pabenchi kutauni kuyambira m'mawa, kudikira bwana wa kumsonkhano. Sanalire. Anangovula nsapato imodzi n'kusisita chidendene.

"Tingapemphe khoti kuti likumvereni ngakhale mwachedwa," anatero Deborah. "Koma sinikunamizani, vimatenga nthawi."

Analemba mapepala awiri tsiku limenelo, la dandaulo ndi la pempho. Mlungu wotsatira Clive anabwera ndi chikalata cha khoti n'kusintha maloko. Mainess anasamukira kuchipinda cha kuseri kwa nyumba ya Thandi, kumene bedi lake linakana kulowa mpaka analidula miyendo.

Mvula inabwera, madzi anadzaza njira za mu Chawama, kenako anaphwa. Pempho lake akukhoti analisunthira tsiku lina kachitatu. Akamapita kumsika ankadutsa panyumba ija n'kuona zovala za alendi zili pawaya amene iye anamanga.

Tsiku lina masana, akusenda anyezi wa ukwati wina, Thandi analowa akuliza nthungululu.

"Mwana wa amayi, wawina! Ba Lombe awaimitsa ntchito! Vidiyo yanga ija!"

"Chigamulo nacho achiimitsa?"

Thandi anatsitsa manja. "Ati icho chikali chilili."

Mainess anapukuta maso ndi mkono, pakuti anyeziwo anali aukali, n'kumukankhira mnzake mpeni wachiwiri.

"Khala pansi usende. Lolemba nili ku khoti."