Mutu Wachisanu

M'nyumba ya mayi wina, telala, munali mashelefu awiri a mabuku, ndipo eni ake ankati mashelefuwo sapatsana moni. Ya kumanzere inali ya mayiyo, yodzaza nkhani zopeka: atsikana othawa ukwati, amuna obwerera kwawo atalapa, zikuto zitaperepeseka ndi manja. Ya kumanja inali ya mwamuna wake, wokonza mawotchi. Mmenemo munali mbiri za nkhondo, za nyenyezi, mpaka za kawetedwe ka njuchi, ngakhale bamboyo sanawetepo njuchi ndi imodzi yomwe.

Zaka makumi atatu za ukwati, mkangano wawo unali umodzimodzi.

"Amake mapasa, mukulira chiyani?"

"Mtsikana uja wamwalira."

"Mtsikana wa kwa yani? Munthu wakhala pampando, wapeka bodza, inu mwalandira ndi manja awiri. Maliro opanda mtembo amenewo."

"Nanga inu, uchi wa njuchi zanu zija tidzaulawa liti?"

Loweruka lililonse ankapita limodzi ku laibulale, n'kusiyana pakhomo ngati sakudziwana, wina kumanja wina kumanzere. Pobwerera ankanyozerana mabuku njira yonse, ndipo kunena zoona, chikondi chawo chinali chomwecho.

Kenaka bamboyo anayamba kuonda. Lamba anabooledwa kawiri. Maso nawo anachita ng'ala, moti tizitsulo ta wotchi ankangotifufuza ndi zala patebulo. Mayiyo atamukokera kuchipatala, dokotala anati ndi khansa ndipo yafika kuchiwindi, n'kumaliza ndi mawu aja akuti "tiyesetsa." Bamboyo, munthu wofunsa mafunso mpaka wina kutopa, sanafunse kanthu.

Atafika kunyumba anati, "Mawa mupite ku laibulale. Shelefu yachitatu kuchokera pawindo, pansi penipeni, pali buku lobiriwira la matenda amenewa. Muzindiwerengera. Ndikufuna zoona, osati zanu zija."

Mayiyo sanadabwe. Mbali ya kumanja ija mwamuna wake ankaidziwa ngati thumba la malaya ake.

Masana aliwonse ankavundikira makina osokera ndi nsalu, n'kukokera mpando pafupi ndi bedi. Mitu inayi yoyamba inayenda bwino, inali ya mankhwala ndi zakudya. Tsiku lachinayi anafika pa mutu wachisanu, wonena za odwala amene matenda awafika kuchiwindi. Maso ake anathamanga kutsogolo kwa pakamwa, ndipo anaona mawu akuti miyezi yowerengeka. Anatsokomola, n'kunyowetsa chala ngati tsamba lamatirira.

"Mwaima bwanji?"

"Zilembo n'zazing'ono," anatero, kenaka anawerenga zomwe panalibe. Anati ambiri amachira, bola kudya bwino ndi kulimba mtima.

"Likutero bukulo?"

"Likutero."

"Chabwino. Pitirizani."

Bodza likangoyamba limafuna anzake. Mawa lake mayiyo anaikamo woyendetsa basi wina amene madokotala anamutaya, koma iye n'kudzuka. Anamupatsa mkazi wolongolola, ana, ndi galu wakuba nsapato. Zaka zonse zija zowerenga nkhani zopeka zinamugwira dzanja. Bamboyo ankamvetsera maso ali kudenga, ndipo tsiku lililonse ankapempha mutu womwewo.

"Dzulo munati woyendetsa basiyo ali ndi ana anayi. Lero atatu?"

"Anayi, abambo. Ndalumpha mzere."

"Muziwerenga bwino. Buku la zoona silisintha."

Mawu amenewo ankamubaya. Akatuluka m'chipindamo ankakaima pampopi, madzi ali chitsegulire kuti kulira kusamveke. Ankadziona ngati wakuba, wobera munthu wosaona chinthu chimodzi chokha chimene anachipempha. Mapasa ake, ana aakazi awiri okhala kale kumabanja awo, anamudzudzula kukhitchini.

"Amama, auzeni adadi. Mwina ali ndi mawu oti atisiyire."

Anayesa ndithu. Tsiku lina anatseka bukulo n'kugwira dzanja la mwamuna wake, lopepuka ngati lopanda fupa.

"Abambo, pali zina zoti tikambirane."

"Zidikire. Basi ija tinaisiya itafa pamlatho."

Ndipo mayiyo, mwa mantha ake, anatsegulanso bukulo. Lolemba lina masana, mawu atayamba kale kuzilala, bamboyo anafunsa, "Amake mapasa, woyendetsa basi uja anathera pati?" Mayiyo anali atatopa, mutu ulibe choti n'kupeka. Anati, "Mawa, abambo. Tsamba lake ndi lalitali." Lachiwiri dzuwa likutuluka, bamboyo anatsikira kuli chete.

Maliro anatha, abale anabalalika. Chimene chinatsala chikumudya mayiyo sichinali imfa yokha. Chinali choti munthu amene anadana ndi bodza moyo wake wonse anapita atanyamula bodza, lochokera kwa mkazi wake, osatsazika n'komwe.

Patapita milungu itatu anabweza buku lija. Woyang'anira laibulale, mayi wa magalasi okhuthala amene ankawadziwa onse awiri, anamupepesa, n'kusolola kakhadi ka kuchikuto chakumapeto kuti adinde.

"Buku ili ankalikonda malemu," anatero woyang'anirayo. "Aka n'kachitatu."

"Kachitatu bwanji? Ndinadzalitenga ndine."

"Onani, mayi. Nambala yawo iyi, ndi iyi. Chaka chatha, maso asanawavute. Ankalikulunga m'nyuzipepala potuluka, ine n'kumati akuopa fumbi. Pobweza anandiuza kuti wolembayo ndi munthu wolungama, pa mutu wachisanu sanabise kanthu."

Mayiyo anayang'ana kakhadiko. Nambala ija ankaidziwa ngati ya nsapato zake. Anakumbukira shelefu yachitatu kuchokera pawindo, pansi penipeni. Anakumbukira bamboyo ali chete pamaso pa dokotala, ndi ana anayi aja amene ankamukonzera akaiwala. Kenaka anakhala pa benchi ya owerenga nyuzipepala.

"Mayi, ndanena zolakwika?"

"Ayi. Ndiye kuti ankadziwa. Masiku onse aja ndikuwanamiza, iwo ankadziwa."

Woyang'anirayo anabwezera kakhadi kaja m'bukumo. Anatuluka kuseri kwa tebulo n'kukhala pambali pake. Anthu ankadutsa ndi mabuku awo, ena kumanja ena kumanzere, akuyang'ana kumbali mwaulemu.

"Zaka makumi atatu," anatero telala uja, misozi ikugwera pachikwama, "ndinkawanyengerera kuti amveko nkhani yopeka imodzi yokha. Ankakana. Imodzi yomwe anamvetsera ndi yanga, ndipo anaitsatira mpaka galu wake. Tsiku lomaliza anandifunsa kuti munthu uja anathera pati."

"Munawauza chiyani?"

"Ndinati mawa."